Nyimbo za nkhondo zikutani m'buku loyera la Asikh?

Funso: Ine ndili ku Leicester, ndimagwira shifiti ya usiku. Poweruka m'bandakucha amanditenga pa galimoto yawo madala ena Achisikh omwe timagwira limodzi, ndiye tsiku lililonse amaika nyimbo imodzimodzi, yaitali zedi moti timafika isanathe. Akuti ndi Asa di Vaar. Nditawafunsa anangoti vaar ndi nyimbo ya ngwazi za nkhondo, koma iyiyi ndi ya Mulungu ndipo ili m'buku lawo loyera. Zandizunguza mutu. Nyimbo ya nkhondo ikutani m'buku loyera, nanga imanena zotani?

Achimwene, madalawo sanakunamizeni ayi, kungoti akupatsani mutu wa nsomba, mnofu atsala nawo. Vaar ndi nyimbo ya nkhondo ndithu, ndipo mu Guru Granth Sahib, buku lawo loyera la masamba 1430, muli ma vaar 22. Imene mukuimva m'galimotomo ndi imodzi chabe, koma ndi yomwe imaimbidwa kuposa ina yonse, ndipo nthawi yake ndi yomweyo ya m'bandakucha, ndiye musaganize kuti madalawo alibe nyimbo zina pa foni. Akupemphera, inuyo mwangokwera nawo m'pempheromo.

Tiyambe ndi kumene vaar inachokera. Punjab, dera lomwe pano linagawika pakati pa India ndi Pakistan, linali ngati njira ya aliyense wofuna kukalanda Delhi kuchokera cha ku Afghanistan, ndiye nkhondo kumeneko sinali nkhani yongomva. Kunali oimba otchedwa ma dhadi omwe ntchito yawo inali kuimba za ngwazi. Amaima chilili, wina ali ndi dhad, kang'oma kakang'ono kolowa m'chiuno pakati komwe amakagwira dzanja limodzi, wina akukhwekhweza sarangi, choimbira cha zingwe, mungoganiza kaligo wathuyu koma wa zingwe zambiri. Nkhani yake imakhala ya amuna awiri, uyu ndi gulu lake, uyo ndi gulu lake, akumana, malupanga alira, wina wagwa, kenako matamando kwa wopambana. Akatha kuimba, mfumu imawaveka chovala ndi kuwapatsa chakudya, malipiro ake amenewo. Ndipo anthu amenewa sanali olemekezeka, ankaonedwa kuti ndi a mtundu wapansi, oimbira mimba.

Guru Nanak (Guru ndiye kuti mphunzitsi wa zauzimu), yemwe anayambitsa Chisikh, anabadwa mu 1469 nkumwalira mu 1539, ndiye kuti Babur, yemwe anatsika ndi asilikali kuchokera ku Afghanistan, akugonjetsa Ibrahim Lodi, mfumu ya ku Delhi, ku Panipat mu 1526 iye anali moyo. Chomwe anachita nchakuti anadzitcha yekha dhadi. Ndime yomaliza ya Majh ki Vaar, pa tsamba 150, ndi pomwe ine ndimayambira ndikamafotokozera munthu aliyense nkhaniyi, chifukwa yankho la funso lanu lili pamenepo. Akuti ndinali woimba wopanda ntchito, lova, Mwini wake nkundilemba ntchito, nkundilamula kuti ndiziimba vaar usiku ndi usana. Anandiitanira ku nyumba yake yachifumu, chovala chomwe anandiveka ndi matamando ake, chakudya chomwe anandipatsa ndi Dzina lake. Mwaona? Zonse za dhadi zilipo, bwana alipo, chovala chilipo, chakudya chilipo, chasintha ndi mwini bwalo basi. Ndipo mu Asa di Vaar momwemo amabwerezanso kuti ine ndine dhadi wa mtundu wapansi, enawo ndiwo amadzitcha apamwamba. Munthu wobadwira m'banja la Khatri, mtundu wolemekezeka, banja loti bambo ake anali owerengera chuma cha mudzi, nkumadziika pa mzere wa oimba onyozeka, sizinali zongocheza.

Pa ma vaar 22 aja, 3 ndi a Guru Nanak, omwe ndi Majh, Asa ndi Malar, 4 ndi a Guru Amar Das, 8 a Guru Ram Das, 6 a Guru Arjan, ndipo imodzi yotsalayo inapekedwa ndi oimba awiri a pabwalo la ma Guru, Satta ndi Balwand. Maina akewo, Asa, Majh, Malar, Sarang ndi ena, ndi maina a raag, kutanthauza kayendedwe ka mawu a nyimbo komwe vaar iyenera kuimbidwira, poti bukuli pafupifupi lonse analisanja motsata ma raag 31 osati motsata nkhani kapena zaka.

Tsono kuti muziimva bwino m'galimotomo muyenera kudziwa kamangidwe kake. Msana wa vaar ndi ndime zotchedwa pauri, liwu lomwe limatanthauza sitepe ya makwerero, ndipo ma pauri onse a vaar imodzi nthawi zambiri amakhala a mlembi mmodzi. Koma pauri iliyonse isanafike pamabwera tindime tifupitifupi, kawirikawiri tiwiri kapena titatu, totchedwa salok. Guru Arjan, posonkhanitsa bukuli mu 1604 ku Amritsar, mlembi wake ali Bhai Gurdas, ndiye anayala ma salok amenewa patsogolo pa ma pauri, ndipo sanasamale zoti akhale a mlembi yemweyo, anayang'ana tanthauzo. Nchifukwa chake mu vaar ya Guru Ram Das mupeza mawu a Guru Amar Das kapena a Guru Nanak, ndipo mu Asa di Vaar, yomwe ili ndi ma pauri 24 kuyambira tsamba 462 mpaka 475, pa ma salok pafupifupi 60 omwe alimo, 15 ndi a Guru Angad, Guru wachiwiri. Chosokoneza alendo nchakuti ma Guru onsewo amadzitchula Nanak m'ndime zawo, ndiye umadziwira pa kamutu, Mahala 1 ndi Guru Nanak, Mahala 2 ndi Guru Angad, choncho. Ma vaar awiri okha ndiwo alibe salok, ya Basant yomwe ili ndi ma pauri 3 okha, ndi ya Satta ndi Balwand ija. Mmene ine ndimamvera, salok ndi yomwe imabaya, imakamba za pamsika, za m'khitchini, za kwa mfumu, kenako pauri imabwera nkukudzutsa maso kuti uyang'ane kumwamba. Kubaya, kudzutsa, kubaya, kudzutsa, maulendo 24. Poimba amawonjezeranso ndime 24 za Guru Ram Das, imodzi patsogolo pa gawo lililonse, nchifukwa chake imatenga ola ndi theka kapena maola awiri ndipo mumafika isanathe.

Pali china chosangalatsa. Ma vaar 9 ali ndi malangizo pamwamba akuti muimbe motsata maimbidwe a nyimbo yakutiyakuti ya nkhondo yomwe anthu ankaidziwa kale. Pa Asa di Vaar palembedwa kuti iimbidwe m'maimbidwe a Tunda Asraja. Nthano yake, ngakhale imafotokozedwa mosiyanasiyana, ndi ya mwana wa mfumu, Asraj, yemwe mkazi wamng'ono wa bambo ake anamunamizira mlandu, nkulamulidwa kuti aphedwe, koma omuphawo anangomudula dzanja nkumutaya, tunda ndiye kuti wodulidwa dzanja. Anapulumuka, nkudzakhala mfumu kwina, pambuyo pake nkupambana nkhondo nkutenga mpando wa kwawo. Ndiye mlimi wa ku Punjab akangomva kayambidwe kake, thupi linkadziwa kale kuti apa pali wosalakwa woti apambana pamapeto, mawu atsopanowo ankangolowa pa khomo lotsegula kale. Ife a kumpoto kapena odziwa mbiri ya mpingo kumeneko izi si zachilendo kwenikweni, ku Embangweni nthawi ya Donald Fraser anthu ngati Mawelera Tembo ankatenga maimbidwe a Chingoni nkuikamo mawu a Mulungu, ndipo nyimbozo zinagwira kuposa zobwera pa sitima.

Nanga akumenyana ndani mu vaar ya Guru? Apa ndiye pagona nkhani. Bwalo la nkhondo analisamutsira mumtima mwa munthu. Mbali iyi kuli gurmukh, woyang'ana kwa Guru, mbali iyo kuli manmukh, woyang'ana ku mtima wake womwe, ndipo awiri onsewa ali mwa munthu mmodzi, mwa inu, mwa ine. Mdani wamkulu amamutcha haumai, tinene kuti matenda a ine-ine, zanga-zanga. Guru Nanak ali ndi salok yaitali yomwe imangobwereza kuti mu ine-ine munthu amabwera, mu ine-ine amapita, mu ine-ine amapatsa, mu ine-ine amalandira, mpaka kuseka ndi kulira komwe, ngakhale chifundo chomwe timachitira anzathu chimatha kukhala ine-ine yovala suti. Kenako Guru Angad amaponyapo mawu omwe Msikh aliyense amawadziwa, akuti haumai ndi nthenda ya mgonagona koma mankhwala ake ali mkati mwake momwemo, Mulungu akachita chisomo munthu nkuyamba kuchita mawu a Guru. Onani kuti sakunena kuti thawira kuphiri kapena usiye banja. Munthu yemweyo amene amati ine, ndi yemwe akhoza kumva nkutembenuka.

Koma isanafike pamenepo imayamba mokoma. Kumayambiriro Guru Angad akuti ngakhale itatuluka miyezi 100 ndi madzuwa 1000, popanda Guru mdima wake ndi wandiweyani. Kenako pamabwera ndime ya kuzizwa, mawu amodzi, vismaad, akubwerezedwa mzere ndi mzere, zodabwitsa mphepo, zodabwitsa madzi, zodabwitsa moto, zodabwitsa njala, zodabwitsa kukumana ndi kusiyana komwe. Ndi ina yoti mphepo imaomba mwa mantha a Iye, mitsinje imayenda mwa mantha, dzuwa ndi mwezi zimayenda mitunda yosawerengeka mwa mantha, wopanda mantha ndi Mmodzi yekha. Mantha ake si a kapolo woopa chikoti, ndi dongosolo lomwe chilichonse chimayendamo, iwo amati hukam. Mukamaimva cha m'ma 5 koloko kunja kukuyera mumamvetsa chifukwa chake anaiika nthawi imeneyo.

Ndiye ikafika pakati imasiya ulemu. Ineyo ndimadabwa anthu akamati nyimbo zimenezi ndi zotonthoza mtima, chifukwa Asa di Vaar ili ndi mano. Taonani ya ulusi. Anyamata Achihindu a mitundu yapamwamba amavekedwa ulusi wopatulika, janeu, pa mwambo waukulu. Guru Nanak akuuza wansembe kuti thonje lake likhale chifundo, ulusi ukhale kukhutira ndi zomwe uli nazo, mfundo yake ikhale kudziletsa, kupota kwake kukhale choonadi, ngati ulusi wotere uli nawo ndiveke, poti umenewo suduka, suda, supsa, sutayika. Kenako amatsika pansi nkuyamba kuwerenga mtengo, akuti uwu wagulidwa ndi tizigoba tinayi, mbuzi yaphedwa anthu adya, koma munthuyo akafa ulusi umagwa iye nkupita wopanda ulusi. Ndipo penapake amati odya anthu akupemphera mapemphero Achisilamu, ndipo omwe akuwagwirira mpeni ali ndi ulusi m'khosi, kunena akuluakulu a boma Achisilamu ndi makalaliki awo Achihindu omwe ankakama amphawi limodzi, kunyumba akupembedza mwa makolo awo, ku ofesi akuvala ndi kuyankhula mokondweretsa mabwana.

Ya sutak ndiye imandifika pamtima chifukwa kwathu tili ndi zofananako. Sutak ndi chikhulupiriro choti nyumba yomwe mwabadwa mwana kapena mwagwa maliro imakhala yodetsedwa masiku angapo, osadyamo, osakhudza, mungokumbukira za chikuta ndi zoletsa kuthira mchere zija. Guru Nanak sakalipa, amangoitenga mfundoyo nkuyenda nayo mpaka igwe yokha. Akuti ngati kubadwa ndi kufa kumadetsa ndiye kuti kudetsedwa kuli paliponse, mu ndowe ndi nkhuni zomwe mukuphikira muli tizilombo, njere iliyonse ya chakudya ili ndi moyo, madzi omwe ndi moyo woyamba womwe umabiriwitsa zonse, ndiye khitchini yanu muitchinjiriza bwanji? Akatero amatembenuza, akuti chodetsa mtima ndi umbombo, chodetsa lilime ndi bodza, chodetsa maso ndi kusirira mkazi wa mwini ndi chuma cha mwini, chodetsa makutu ndi kumvetsera miseche. Ndipo posakhalitsa pa tsamba 473 pamabwera ndime yotchuka ya amayi, yoti mwa mkazi timaumbidwa, mwa mkazi timabadwa, mkazi timamutomera nkumukwatira, akamwalira timasakanso wina, ndiye timutchulirenji woipa amene amabala mafumu? Wosabadwa mwa mkazi ndi Mmodzi yekha Woonayo. Zimenezi zinanenedwa zaka pafupifupi 500 zapitazo. Sindikunena kuti Asikh onse amazitsata bwinobwino ayi, ku Britain komweko kuli nyumba zawo zopempherera zina zodziwika ndi mtundu wa anthu ake, ndipo zoti amayi aziimba mkati mwa Harmandir Sahib, nyumba yawo yopempherera yolemekezeka koposa ku Amritsar, ukadali mkangano, koma amene amadzudzula zimenezo pakati pawo amagwiritsa ntchito ndime zomwezi, chida chili kale m'nyumba.

Yomwe ndimaikonda kuposa zonse ndi ya mtengo wa simmal, pa tsamba 470. Ndi mtengo wa gulu la usufu, wautali, wowongoka, wonenepa, maluwa ofiira oonekera patali. Akuti mbalame zimabwera ndi chiyembekezo nkubwerera zokhumudwa, zipatso zake nzosakoma, maluwa ake ngonyansa, masamba opanda ntchito. Ndiye amati kukoma mtima ndi kudzichepetsa ndiwo mwini wa zabwino zonse, ndipo pa sikelo mbali yolemera ndi yomwe imatsika. Apa mlaliki wamba akanathera pomwepa aliyense nkuwomba m'manja. Koma iye amapitiriza, akuti wochimwa ndiye amawerama kawiri, ngati mlenje akamanyang'amira gwape. Kuweramitsa mutu kuthandiza chiyani mtima uli wakuda? Ndiye kuti wangokuphunzitsa kudzichepetsa, nthawi yomweyo wakulanda mwayi wonamizira kudzichepetsako. Tonse timamudziwa munthu wogwada kwambiri pamaso pa abwana uja.

Ma vaar ena a Guru Nanak salekanso. Mu Majh ki Vaar akuti nyengo ino ndi mpeni, mafumu ndi ophera nyama, chilungamo chamera mapiko chauluka, ndi usiku wopanda mwezi wa bodza ndipo mwezi wa choonadi sukuoneka komwe watulukira. Mu Malar ki Vaar mafumu ndi mikango, nduna zawo ndi agalu, zimakadzutsa anthu ali khale kapena ali m'tulo. Mu Majh momwemo Msilamu akuuzidwa kuti chifundo chikhale mzikiti wake, chikhulupiriro chikhale mkeka wopempherera, kudya za thukuta lake kukhale Qur'an yake, ndipo pali mzere wina woluma mbali zonse ziwiri, woti kudya cha mwini ndi nkhumba kwa uyu, ndi ng'ombe kwa uyo. Akutinso magazi akadonthera pa chovala mumati chadetsedwa, nanga oyamwa magazi a anthu mtima wawo ungayere bwanji.

Chenjezo langa apa, achimwene, musawerenge ngati kuti Msikh akunyoza Mhindu ndi Msilamu. Nthawi imeneyo Asikh anali kagulu kochepa, omvera a Guru Nanak anali Ahindu ndi Asilamu omwewo, ndipo mnzake woyenda naye, Mardana, yemwe ankamuimbira rabab, choimbira cha zingwe, anali Msilamu. Sakuuza munthu kuti siya mzikiti, akumufunsa kuti mzikitiwo wakusintha chiyani. Lero ndimezi zimagwera Msikh wa nduwira yaikulu koma wobera antchito ake chimodzimodzi, ndipo ife a ma yunifolomu a mvano ndi masuti a Lamulungu tisadzione otetezeka. Ndime ya ngolo zodzaza mabuku, yoti ungawerenge zaka ndi zaka, mpweya uliwonse, koma chowerengedwa kumwamba ndi chimodzi chokha, zinazo ndi phokoso la ine-ine, imeneyo imandigwera ineyo amene ndikulemba zonsezi.

Ma vaar a ma Guru otsatira mano ake ndi ocheperako, amakhazikika kwambiri pa Guru woona, pa kusonkhana ndi anthu abwino, pa kukumbukira Dzina, ndi pa miseche yomwe ankakumana nayo gulu likukula. Koma poti ma salok anasakanizidwa, mupezabe Guru Nanak akutulukira mwadzidzidzi, monga mu Sarang ki Vaar ya Guru Ram Das pa tsamba 1245 pomwe akuti wodya za thukuta lake nkugawako ndi dzanja lake, ameneyo ndiye waidziwa njira. Ngati mukufuna kumvetsa chifukwa chake madala anuwo akugwirabe shifiti ya usiku pa msinkhu wawo komanso sakulipiritsani petulo, mwina nkhani ili pamenepo. Jaitsri ki Vaar ya Guru Arjan imamveka kawirikawiri pa miyambo ya maliro. Musasokoneze ndi ma vaar 40 a Bhai Gurdas, omwe Asikh amawalemekeza ngati kiyi wotsegulira bukuli koma sali m'bukumo, kapena Chandi di Vaar ya mu Dasam Granth, buku lina la Asikh, yomwe ndiye ya nkhondo yeniyeni ya malupanga. Ma dhadi nawo sanathe, kuyambira nthawi ya Guru Hargobind, wachisanu ndi chimodzi, amaimba za ngwazi za Chisikh mpaka lero, mukawaona pa zikondwerero ataima atatu kapena anayi ndi ting'oma tawo tija.

Ya Satta ndi Balwand, yomwe imayamba pa tsamba 966, ndi yomwe yatsala pafupi ndi vaar yakale yotamanda mafumu, kungoti mafumu ake ndi ma Guru asanu oyamba. Mfundo yake ndi yoti kuwala nkomweko, njira ndi yomweyo, chasintha ndi thupi lokha, ndipo imafotokoza zoti Guru Nanak anadumpha ana ake nkupereka mpando kwa wophunzira wake Lehna, yemwe anadzakhala Guru Angad. Mkati mwa matamando akuluakuluwo Balwand amaima nkutamanda mayi, Mata Khivi, mkazi wa Guru Angad, akuti ndi munthu wabwino wa mthunzi wa masamba ambiri, ndipo m'khitchini yake ya anthu onse, langar, mukugawidwa kheer wothira mafuta a mkaka. Phala la mpunga wophika mu mkaka, kulowa m'buku loyera ndi dzina la wophikitsa wake.

Ndiye chomwe ndingakuuzeni, apempheni madalawo akutengeni ku gurdwara, nyumba yawo yopempherera, tsiku lina m'mawa mukaimve ikuimbidwa ndi anthu, ku Leicester ziliko zingapo ndipo malo ambiri amaonetsa tanthauzo la Chingerezi pa sikirini. Nsapato mumavula pakhomo, kumutu mumafunda kansalu komwe amakupatsani pomwepo, fodya ndi mowa musayerekeze kulowa nazo ngakhale m'thumba, mumakhala pansi osalozetsa mapazi komwe kuli bukulo. Tcherani khutu pomwe ng'oma yasintha nkuyamba kuthamanga, nthawi zambiri ndi pauri imeneyo, mukatero muziwerenga masitepe nokha. Mukatha akakuitanirani ku langar, aliyense amadya ulere atakhala mzere umodzi, ndipo kheer ikakhalapo tsiku limenelo musakane.